Ndinapita ku Britain kukaphunzira za mafupa a anthu akale: mtengo wake ndi uwu

Mwezi uno wokha anthu atatu andilembera pa WhatsApp, onse funso limodzi: "Achimwene, njira munadzera ija tiuzeniko." Anaona chithunzi changa nditavala chipewa cholimba ndi jekete yachikasu, ndiye akuti zanga zinayera. Chithunzicho chinalekezera m'chiuno, sichionetsa matope amene ndinali nditagwadamo kuyambira m'mawa. Ndiyankhe kamodzi pano, wakumva amve.

Kwathu ndi ku Dedza, kufupi ndi Chongoni. Ndinakula ndikuona zojambula zofiira za pamiyala, agogo akutiuza kuti ndi za Akafula, aja ankafunsa kuti "mwandionera pati?" Ndili mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale ndinamva za kafukufuku wa 2017, pamene akatswiri anayeza DNA ya mafupa a ku Hora ku Mzimba, ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere kwathu komweko. Ena mwa mafupawo anali a zaka pafupifupi 8,100, ndipo zinaoneka kuti magazi a alenje akalewo sapezeka kwenikweni mwa ife amene tikukhala m'dzikomo lero. Chinandiwawa n'chakuti mafupa ndi a kwathu koma oyeza ake ambiri ndi akunja. Mpamene ndinalakalaka digiri ya masitazi ya ntchito imeneyi.

Ndinayamba ndapita kwa mayi wina wothandiza anthu kupeza malo m'mayunivesite akunja. Anandimvetsera, n'kutenga pepala, n'kulemba ndalama zonse mzere ndi mzere. Kenako anati: "Aphunzitsi, maphunzirowa ndi abwino, koma sangakusungeni ku Britain. Ngati mulibe sikolashipu yolipira zonse, dikirani chaka china." Sanandilipiritse ngakhale tambala. Ndinatuluka ndikung'ung'udza kuti mayiyu ndi wansanje. Pepala lija ndikadali nalo, ndipo palibe mzere umene unanama.

Wachiwiri anali dobadoba wa suti yonyezimira. Iye anandionetsa nkhani ya mfumu Richard III, imene mafupa ake anawapeza pansi pa malo oimikapo magalimoto ku Leicester mu 2012, ndiponso ya manda aakulu a pafupi ndi siteshoni ya Euston ku London amene anafukulidwa pokonza njanji yatsopano. Anati okumba akusowa, ntchito ikundidikira pabwalo la ndege. Nkhanizo n'zoona, koma sanandiuze kuti ntchito ya ku Euston inali itatha kalekale. Anandidya K1.8 miliyoni ya "kuyendetsa mapepala". Ndili kuno ndinamva kuti mayunivesite ambiri amawalipira okha anthu oterewa pa wophunzira aliyense amene amubweretsa. Ndiye kuti anadya uku ndi uku.

"Sikolashipu" imene anandilonjeza inali kungochotsako £4,000 pa fizi ya £23,500. Zotsalazo zinali zanga. Ndinagulitsa puloti ya ku Lilongwe yokhala ndi nyumba yofika pawindo mu Okutobala 2023. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndalama zili m'banki momwemo, zinafota ngati masamba a nkhwani padzuwa. Kubanki mapaundi kunalibe, ena ndinagula kwa anyamata a mumsewu pamtengo umene ndikuchita manyazi kuulemba. Achemwali anga, amene ndi namwino kuno, ndiwo anatseka dzenjelo, ndipo ndikuwabwezerabe mpaka lero.

Tsopano zimene dobadoba sanatchule. Viza yokha mu 2024 inali £490. Msonkho wa zaumoyo anandiuza kuti ndi £776, koma imeneyo ndi ya chaka chimodzi. Viza ya masitazi imapitirira chaka ndi miyezi ingapo, ndiye amakuwerengera chaka ndi theka: £1,164, yolipiriratu usanakwere ndege. Pamwamba pake mu 2024 unkayenera kuonetsa £9,207 ya zodyera, itagona m'banki masiku 28 osasuntha. Bamboyo anati akhoza kundibwereka ndalamayo "yongoonetsa" pa 15 peresenti. Katapila wovala tayi! Ndinakana, ndipo nanunso mukane, chifukwa akakugwirani ndi mapepala achinyengo mukhoza kuletsedwa kulowa m'dzikoli zaka 10. Kuyezetsa chifuwa chachikulu ndi tikiti ya ndege ndi zina pambali. Mkazi ndi ana anatsala, poti kuyambira Januwale 2024 wa masitazi yophunzitsidwa m'kalasi saloledwa kubwera ndi banja. Zimenezinso ndinazidziwa puloti itapita kale.

Musandiuze kuti "ndikagwira ntchito n'kumalipira fizi". Lamulo limalola maola 20 pamlungu. Pa £11.44 pa ola ya mu 2024, zinkakwana £228 ndi timakobiri pamlungu, pamene kachipinda kanga kokha kanali £520 pamwezi. Werengani nokha.

Maphunzirowo sindingawanyoze, ndiwo okha amene sanandinamize. Tsiku loyamba anatiyalira mafupa patebulo, a munthu wamkulu amakhala 206, n'kutiuza kuti tiwaike m'malo mwake, lakumanja kumanja, lakumanzere kumanzere. Manja anga ankanjenjemera. Kwathu manda ndi malo oopedwa, salowamo chisawawa, ndipo wogwira fupa la wakufa tonse tikudziwa dzina limene amapatsidwa. Amayi atamva pafoni anangoti, "Mwanawe, ndalama zonse zija unapita kukakhala mdzukulu wa azungu?" Koma pakutha miyezi itatu ndinkatha kuyang'ana fupa la m'chiuno n'kunena ngati anali mwamuna kapena mkazi. Mano a mwana amanena zaka zake mosaphonya kwambiri, fupa la pantchafu limanena msinkhu. Mizere yopingasa pa dzino imaonetsa pamene mwana anadwala kapena kugona ndi njala mpaka kukula kunaima. Ndinagwira miyendo yopindika ya ana a m'matauni a mafakitale a m'ma 1800, ana osaona dzuwa chifukwa cha utsi, ndiponso mano a abambo okhala ndi kabowo kozungulira pomwe ankalumira kaliwo wadothi. Amene mumaganiza kuti kuno umphawi sunafikeko, bwerani mudzaone mafupa a agogo awo.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mano. Madzi amene munthu anamwa ali mwana amasiya chizindikiro m'dzino mpaka kalekale. Pali munthu wina amene anamufukula ku Amesbury, pafupi ndi Stonehenge, mu 2002, ataikidwa ndi mivi zaka zoposa 4,000 zapitazo. Mano ake anaulula kuti sanakulire ku Britain, anachokera cha kumapiri a Alps. Mtchona mnzanga. Usiku umenewo ndinagona ndikupapasa mano anga ndi lilime, ndikuganiza za madzi a pachitsime cha kwathu.

Ngakhale kumeneko kamsampha kanalipo. Pa kafukufuku wanga ndinafuna kuyeza zaka za mafupa atatu ndi njira ya radiocarbon, n'kupeza kuti fupa limodzi ndi mapaundi opitirira 300, ndipo fizi ija sinaphatikizepo. Ndinasintha mutu wa kafukufuku.

Nditamaliza ndinalipiranso viza ya zaka ziwiri ya omaliza maphunziro: £880, kuphatikiza £2,070 ya zaumoyo. Ntchito ndinaipeza, koma osati ya labotale imene ndinkalota. Kuno makampani omanga nyumba ndi misewu ndiwo amalipira ofukula kuti ayeretse malo asanathire simenti, choncho chilichonse chimayendera changu cha womanga. Chida chako ndi piki, fosholo, wilibala ndi kachipande. Miyezi inayi yoyamba sindinaone fupa la munthu ngakhale limodzi, koma ngalande zakale, mapale ndi nsagwada za nkhosa, mvula ikukukwapula cham'mbali mu Januwale. Mafupa a anthu akapezeka pamafunika chilolezo cha unduna wa zachilungamo, malowo amawatchinga kuti odutsa asaone, ndipo owayeza mu labotale ndi anthu ochepa amene akhala pampandowo zaka zambiri. Watsopano amapatsidwa beseni ndi mswachi kuti atsuke.

Polemba ntchito anandiuza kuti pakatha miyezi itatu adzandipatsa kontrakiti yokhazikika. Ino ndi kontrakiti yachitatu ya miyezi itatuitatu. Anati malo ogona tikapita kutali ndi aulere, koma maola awiri a m'galimoto tsiku lililonse sawawerengera. Khadi yolowera pamalo omanga, pamodzi ndi mayeso ake, ndinalipira ndekha pafupifupi £60. Ndipo anzanga a ku Malawi dziwani ichi: laisensi yathu yoyendetsera galimoto imagwira miyezi 12 yokha ndipo sasinthitsa. Wa ku Zimbabwe ndi wa ku South Africa amangosintha, ife timayambiranso mayeso. Wopanda laisensi ndiye woyamba kusiyidwa ntchito ikachepa.

Malipiro anga ndi £26,000 pachaka msonkho usanachotsedwe. Mukawatembenuza m'makwacha mukuwa kuti ndalemera. Koma viza ya ntchito yokhalitsa kuyambira Julaye 2025 imafuna £41,700, ndipo ngakhale mlingo wotsikirapo wa ongoyamba kumene uli pamwamba pa £33,000. Kampani yofukula imene ingalipire wokumba ndalama zimenezo sindinaione. Viza yanga ikatha ndikubwerera, ndipo amene adzafunsire viza yonga yangayi kuyambira 2027 adzapatsidwa miyezi 18 yokha.

Ndiye inu atatu amene munandilembera, mvetserani. Ngati mukufuna Britain, osati mafupa, musanamizire maphunziro awa, mudzangotaya nyumba. Ngati mukufunadi mafupa, yambani mwapempha kuthandiza nawo ofufuza amene amakumba kwathu komweko, muone ngati msana ndi mtima wanu zingapirire. Kenako funsirani sikolashipu ya Chevening kapena ya Commonwealth nokha pa intaneti. Kufunsira n'kwaulere, ndipo aliyense wokuuzani kuti ali ndi "munthu wamkati" ndi wakuba. Mukalephera chaka chino yesaninso chaka chamawa. Puloti ya banja musaikhudze.

Mayi uja ndinamuimbira foni mwezi watha kuti ndipepese. Anaseka, n'kundifunsa ngati ndingalankhuleko ndi mtsikana wina wa ku Karonga amene akufuna kugulitsa ng'ombe za bambo ake kuti abwere kuno. Tapangana Loweruka, ndikaweruka kotsuka mafupa.