Pulambala amene anakana kudula paipi mpaka wamagetsi abwere

Anzanga angapo pano pa Dedza boma akhala akundifunsa za mmisiri amene anasintha mapaipi kunyumba kwathu, ndiye ndiyankhe onse kamodzi. Ndi bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, amene amayenda ndi bokosi la zida kumbuyo kwa njinga. Ntchito amaidziwa, koma ali ndi zake zotopetsa.

Nyumba yathu ndi yakale, ya mapaipi achitsulo aja. Mkati anali atadzaza dzimbiri moti madzi a Central Region Water Board, ngakhale afike ndi mphamvu pa mita, kubafa ankangodontha, ofiirira. Tinagwirizana zoika apulasitiki, ndipo ku gizala aike a PPR opirira madzi otentha.

Atafika kuseri kwa khitchini anapeza waya wamkuwa womangidwa pa paipi yolowa m'nyumba. Anaika sowo pansi. "Mayi, apa sindidula. Earth ya nyumba yonse yagona pa paipi imeneyi. Itanani kaye wamagetsi."

Apa mpamene ndikuwayamikira kwambiri, chifukwa anyamata ambiri akanangokhadzula wayawo n'kuuponya pa mulu wa zitsulo zokagulitsa. Amisiri akale ankamanga earth, waya wothawitsira magetsi m'nthaka, pa paipi poti chitsulocho chinkayenda mtunda wautali m'nthaka. Kuka kapena gizala ikawonongeka mkati, waya wamoto n'kukhudza chitsulo chakunja, magetsi amathawira pansi kudzera njira imeneyo, fyuzi n'kupsa kapena breaker n'kugwa. Pulasitiki sadutsa magetsi. Kachidutswa kamodzi kokha pakati, njira yaduka. Choopsa n'chakuti palibe chimene chimakuchenjeza: mababu akuyaka, firiji ikulira, wailesi ikuimba. Tsiku limene element ya gizala, chitsulo chotenthetsa madzi chija, idzabooke, ma volts 230 adzakhala pa chitsulo chilichonse cholumikizana nayo, kudikira munthu wa mapazi onyowa. Nanga kuno ku Dedza, mu June ndi July, ndani angalimbe mtima kusamba gizala ili yozima?

Iwonso amadziteteza. Munthu akadula paipi yotere atagwira mbali zonse ziwiri, manja ake ndi amene amalumikiza njira ija. Choncho pa tsiku lodula, wamagetsi atabwera kale, bambowo anazimitsa main switch, n'kumangirira waya wochindikala wa timano kunsonga, wonga wolizira galimoto batire ikatha, uku ndi uku kwa malo odulapo. Kenako m'pamene anagwira sowo.

Wamagetsi anamutchula ndi iwo omwe. Ndinamufunsa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi m'dziko muno, anandionetsa osanyinyirika. Anakhoma ndodo yamkuwa m'nthaka kuti ikhale earth yatsopano, koma malo oyamba inakana kulowa: nthaka yathu ya mmunsi mwa phiri ili ndi miyala. Mnyamata wake anafuna kuidula kuti ioneke ngati yalowa yonse, mkuluyo anamukalipira, n'kusamukira pena pofewa, pomwe sipaumitsitsa ngakhale mu October. Amuna anga anati athiremo mchere ndi makala monga amachitira ena. Makala anavomera, mchere anakana, ati umadya ndodoyo ndipo mvula ikagwa umasungunuka n'kupita. Anayeza ndi makina ake, anakokera waya wobiriwira ndi wachikasu mpaka ku bolodi ya ma breaker, analumikizanso tizidutswa tachitsulo totsala pa gizala, n'kuwonjezera earth leakage ya 30 mA imene imazimitsa magetsi msanga akayamba kuthawira kolakwika. Ili ndi kabatani koyesera, ndipo anati tizikadina pakapita miyezi ingapo.

Tsono zotopetsa za pulambala zija. Akati afika 8 koloko, phikani nsima ya masana mudye kaye. Foni yawo imakhala yozima nthawi zambiri. Podikira wamagetsi tinakhala masiku angapo tikutunga madzi kwa aneba, ndipo sanatichenjeze kuti tisungiretu m'zigubu. Mabowo amene anaboola kukhoma la bafa anangopakapo simenti mothamanga, moti ndinaitana wina kudzasalaza. Mtengo wawo ndi wokwera kuposa wa anyamata opezeka pamsika, ndipo sanenerera. Lisiti analemba pa pepala long'amba mu kope, nditachita kuumirira.

Ngati nyumba yanu ndi yatsopano, ya mapaipi apulasitiki kuyambira pa mita, mmisiri wotchipirapo akhoza kukukwanirani. Ngati ndi yachitsulo ngati yathu, ndingawaitanenso omwewa, ndipo pokonza bajeti muikiretu ndalama ya ndodo, waya ndi wamagetsi, chifukwa mu mtengo umene amatchula poyamba zimenezi mulibe.