ModPerl::Registry ndi yachangu, koma siiwala zakale

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito ModPerl::Registry, chida choyendetsera mapulogalamu olembedwa m'chilankhulo cha kompyuta cha Perl mkati mwa seva ya mawebusayiti ya Apache, ndipo liwiro lake landikhutiritsa, chifukwa pulogalamu ya Perl imakonzedwa kamodzi kokha n'kukhalabe yokonzeka kuyankha mapempho otsatira a alendo a pa webusayiti. Vuto lagona pomwepo: variable (malo amene pulogalamu imasungamo zinthu) imene simunaichotse zakale imasunga zimene mlendo woyamba anasiya, ndipo wobwera pambuyo pake amazipeza. Chosautsa n'chakuti cholakwikachi chimaoneka mwa apo ndi apo, popeza mapempho amagawidwa kwa ma process osiyanasiyana (makope a seva oyenda nthawi imodzi, iliyonse ndi zosunga zake). Chimene chinandithandiza chinali kuyatsa seva ndi lamulo lakuti httpd -X kuti process ikhale imodzi yokha, kenako kuwerenga error log (fayilo imene seva imalembamo zolakwika), mmene ndinapeza chenjezo lakuti "will not stay shared", limene limaloza variable imene ingasunge zakale. Kunena zoona, ndingalimbikitse ModPerl::Registry kwa okhawo amene saiwala kulemba use strict ndi use warnings, malamulo amene amachititsa Perl kuonetsa zolakwika ndi machenjezo.