90/10, 50/50 kapena Chingerezi chokha: mwana wolankhula Chisipanishi ayambire pati kuwerenga?

Ku United States, mwana amene kunyumba amalankhula Chisipanishi akafika ku kindergarten, kalasi yoyambirira isanafike giredi 1, amagwera m'njira imodzi mwa zitatu. Pena amamuyambitsa kuwerenga m'Chisipanishi, Chingerezi n'kubwera pang'onopang'ono. Pena zilankhulo ziwirizo amazigawa theka ndi theka kuyambira tsiku loyamba. Pena amangomulowetsa m'Chingerezi chokha. Chimene chimachititsa kuti njira ina ioneke yabwino kuposa inzake kawirikawiri ndi mayeso amene mwanayo walemba komanso chaka chimene walembera.

Chingerezi chokha chinafika pachimake pamene California inavomereza lamulo lotchedwa Proposition 227 mu 1998, Arizona n'kutsatira ndi Proposition 203 mu 2000. Ku Arizona anafika popatula anawa maola anayi patsiku kuti aziphunzira Chingerezi paokha, mpaka mu 2019 pamene anawachepetsera. Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu: siifuna mphunzitsi wodziwa zilankhulo ziwiri, amene ndi wosowa, ndipo mwana amayamba kucheza m'Chingerezi msanga. Vuto n'lakuti akuphunzira kuphatikiza malembo m'mawu amene sakudziwa tanthauzo lake. Amawerenga chiganizo bwinobwino, ukamufunsa zimene wawerenga amangokuyang'ana. Chingerezi cha pabwalo la masewero chimabwera m'chaka chimodzi kapena ziwiri, koma cha m'mabuku a sayansi chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Kafukufuku wa Umansky ndi Reardon wa 2014 anapeza kuti ana a njirayi amatsogola m'makalasi oyambirira, koma a zilankhulo ziwiri amawapeza n'kuwapitirira pofika ku sekondale. California inasintha lamulo lija mu 2016 ndi Proposition 58.

Palinso njira yapakatikati yoyamba ndi Chisipanishi n'kuchisiya pofika giredi 2 kapena 3. Imachotsa Chisipanishi nthawi yomwe mwana wangoyamba kumene kupindula nacho, choncho sitichedwapo.

Mu 90/10, ku kindergarten magawo 90 pa 100 a nthawi yophunzira amakhala a Chisipanishi, 10 a Chingerezi cha pakamwa: nyimbo, nthano, kucheza. Kenako Chingerezi chimakwera, 80/20, 70/30, mpaka kufika theka ndi theka mu giredi 4 kapena 5. Kuwerenga Chingerezi amakuphunzitsa mwadongosolo kuyambira giredi 2 kapena 3. Chifukwa chake chili m'kalembedwe ka Chisipanishi. Chili ndi malembo a liwu asanu, a e i o u, ndipo lililonse limamveka mofanana paliponse pamene lili. Mwana amaphunzira maphatikizo, ma me mi mo mu, sa se si so su, ndipo m'masabata ochepa akuwerenga mesa, masa, misa, mpaka chiganizo chotchuka chija cha "mi mamá me mima". Amene anaphunzira Chichewa mu Sitandade 1 akuidziwa njirayi, chifukwa malembo a liwu ndi asanu omwewo. Chingerezi sichichita zimenezi: chili ndi maliwu pafupifupi 44 pa malembo 26, ndipo a wa mu cat, cake ndi call ndi maliwu atatu osiyana.

Chimene chimaononga 90/10 ndi kutenga buku la kaphunzitsidwe ka Chingerezi n'kungolitanthauzira. Mphunzitsi amatha miyezi akulowetsa ana mayina a malembo ndi mawu oloweza pamtima, zinthu zofunika m'Chingerezi koma zosafunikira kwenikweni m'Chisipanishi, momwe pafupifupi mawu aliwonse amawerengeka mmene alembedwera. Nthawi imeneyo ikanapita pamene Chisipanishi chimavutadi, pa kulemba: b ndi v zimamveka chimodzimodzi, h samveka, ll ndi y zimasokonekera, ndipo kwa ana a ku Mexico ndi ku Central America c, s ndi z zimatha kupereka liwu limodzi. Mwana wolemba "ola" m'malo mwa "hola" wamva bwino; chimene sanaphunzire ndi lamulo la kalembedwe.

Mu 50/50 mwana amaphunzira kuwerenga zilankhulo zonse ziwiri limodzi. Makolo ambiri amaikonda chifukwa Chingerezi amachiona kuyambira pachiyambi, ndipo makolo olankhula Chingerezi savuta kulembetsa ana awo. Izi n'zofunika, chifukwa kalasi yamtunduwu imayenda bwino pamene gulu lililonse la ana, olankhula Chisipanishi ndi olankhula Chingerezi, silichepera gawo limodzi mwa magawo atatu. Dongosolo la Literacy Squared, lochokera kwa Kathy Escamilla ndi anzake ku University of Colorado Boulder, limagwiritsa ntchito lembetso: ziganizo zomwezo, mphindi 15 mpaka 20, masiku atatu pa sabata, ana n'kudzikonza okha ndi cholembera cha mtundu wina uku akukambirana chifukwa chake. Apa m'pamene mphunzitsi amagwira "laik" m'malo mwa like, "jaus" m'malo mwa house ndi "eschool" m'malo mwa school, n'kuonetsa mwanayo kuti wagwiritsa ntchito lamulo la Chisipanishi pa mawu a Chingerezi. Amaonetsanso mawu ofanana monga familia ndi family, n'kuchenjeza za onyenga monga éxito, amene satanthauza exit koma kupambana.

Koma 50/50 imaterereka. Aphunzitsi awiri akamabwereza phunziro lomwelo m'mawa ndi masana, mwana amangodikira chilankhulo chake n'kusiya kumvetsera chinacho. Komanso Chingerezi chili kale pa wailesi yakanema, pa foni ndi pabwalo, moti theka lapapepala limasanduka gawo laling'ono la Chisipanishi. Kwa mwana amene wafika ali ndi Chisipanishi chokha, 90/10 ndiyo yolimba. Njira ya 50/50 ikuyenera ana obadwira ku United States amene amasakaniza kale zilankhulo ziwirizi.

Tsono mayeso. DIBELS, yochokera ku University of Oregon, imapatsa mwana mphindi imodzi kuti awerenge mawu opanda tanthauzo otsatira malamulo a Chingerezi. Mwana wa 90/10 wa giredi 1 amatchula i ndi u mwa Chisipanishi, n'kulembedwa kuti ali pachiopsezo cholephera kuwerenga, chonsecho sanaphunzitsidwebe zimenezo. Mnzake wa mayesowa m'Chisipanishi ndi IDEL, ndipo kwa mwana ameneyu ndiyo yoyenera. Chenjezo lake n'lakuti mawu a Chisipanishi ndi aatali, mariposa yekha ali ndi maphatikizo anayi, choncho chiwerengero cha mawu pa mphindi musachiyerekeze ndi cha Chingerezi.

EDL2, mayeso a kuwerenga Chisipanishi, ndi DRA2, a kuwerenga Chingerezi, zimatenga nthawi chifukwa mphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzi, kumumvetsera akuwerenga kabuku kenako n'kumufunsa kuti afotokoze nkhaniyo. Koma zimaonetsa kumvetsa nkhani, ndipo milingo yake imafanana, moti mutha kuika zotsatira za zilankhulo ziwirizo pa tsamba limodzi. ACCESS ya bungwe la WIDA ndi nkhani ina: imayesa Chingerezi chokha, kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba, pa milingo 1 mpaka 6. Siikuuzani ngati mwanayo amatha kuwerenga Chisipanishi. Ku Texas, kumene dera la masukulu (district) limakakamizika kutsegula kalasi ya zilankhulo ziwiri likakhala ndi ana 20 a chilankhulo chimodzi amene sanadziwe bwino Chingerezi mu giredi imodzi, mayeso a boma a STAAR alipo m'Chisipanishi mu giredi 3 mpaka 5. Kumene kulibe mwayi wotero, ahedi amachita mantha ndi zotsatira za giredi 3 n'kuyamba kudula maola a Chisipanishi, phindu lisanaoneke. Ku Portland, kumene ana amalowa makalasi a zilankhulo ziwiri mwa maere, kafukufuku wa bungwe la RAND anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi anali patsogolo pa anzawo amene sanalowe m'makalasiwa ndi miyezi pafupifupi 7 mu giredi 5, ndi miyezi 9 mu giredi 8.

Powerenga zotsatira, yang'anani zilankhulo zonse ziwiri musanagamule. Mwana amene ali bwino pa EDL2 koma wotsika pa DRA2 akufunika Chingerezi cha pakamwa ndi mawu atsopano, osati kalasi ya ana a zosowa zapadera. Amene akudodoma ngakhale pa ma me mi mo mu atatha chaka akuphunzitsidwa bwino m'Chisipanishi, ameneyo mutumizeni kuti akaunikidwe, ndipo womuunikayo akhale wodziwa Chisipanishi.