Rimoti ya Vitz yanga yadutsa dzinja lonse: zomwe zalimba ndi zomwe zatha

Rimoti ya galimoto yanga ndinaikonzetsa mu Okutobala, nthawi yotentha ija. Pano mvula yatha, chiperoni chayamba, ndipo ikugwirabe ntchito. Koma zinthu zitatu zimene tinachita tsiku lija sizinalimbe mofanana, ndiye ndati ndifotokoze kuti amene rimoti yake yayamba makani adziwe poyenera kuika ndalama zake.

Galimotoyo ndi Toyota Vitz yochokera ku Japan, ngati zambirimbiri zimene zimadzaza mu Masauko Chipembere Highway m'mawa uliwonse. Kiyi wake ndi uja wa mutu wapulasitiki wokhala ndi mabatani awiri, lokiyira ndi lotsegulira. Pulasitikiyo inang'aluka pamene chitsulo cha kiyi chalowera, moti poliza galimoto mutuwo unkagwedera. Batani lotsegulira linkafuna kudinikizidwa ndi chikhadabo mwamphamvu kuti limve. Mtunda nawo unachepa: kale ndinkatsegula galimoto ndili pakhonde, koma zinafika poti ndizichita kuima pachitseko penipeni. Kumene ndinafunsa koyamba anati ndigule kiyi watsopano n'kumupulogilama, ndipo mtengo umene anatchula unandibweza.

Ndinapita nayo kwa mnyamata wokonza mafoni ku Limbe, pafupi ndi msika. Anamasula kasikulu kamodzi, natulutsa kabokosi kakuda kamene kamakhala m'mutu mwa kiyi, nakatsegula pa mphako yake. M'katimo muli kabodi kobiriwira, batire lozungulira, ndi timasiwichi tiwiri tating'ono ngati njere za mpunga. Atayang'ana ndi galasi lake anati, "Achimwene, batanili silinafe ayi, langothothoka mwendo umodzi. Mukamadinikiza mwamphamvu mumangolikankhira pamalo pake." Anawotcherera mwendowo, kenako anatsuka kabodiko ndi sipiriti ndi mswachi wakale, chifukwa pa tizitsulo togwira batire panali litsiro loyera la thukuta la m'thumba. Anadikira kuti paume asanabwezeretse chilichonse.

Ntchito imeneyi ndi imene yalimba kuposa zonse. Batanilo limamva ndikangoligusa, ndipo silinasinthe mpaka lero, ngakhale kiyiyu wagwapo pasimenti kangapo. Ndikuona kuti marimoti ambiri amene anthu amataya mu Blantyre muno vuto lake n'lomweli, ndipo wokonza mafoni waluso amalithetsa inu muli chiimire. Zimandipweteka kuona munthu akulipira ndalama zambiri chifukwa cha mwendo umodzi wa kasiwichi.

Batire ndiye linandigwiritsa mwala. Tsiku lomwelo tinaikamo lija lopanda dzina, logulitsidwa pa kakatoni ka mabatire asanu pamodzi ndi mawotchi. Poyamba mtunda unabwerera bwinobwino. Khirisimasi isanafike, ndinayambanso kuyandikira galimoto kuti imve. Mita yoyezera mphamvu ya batire inkaonetsa pafupifupi mavoti 3, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa batire lofooka limatha kuonetsa nambala yabwino likakhala lokha, koma mukadina batani mphamvu imagwa nthawi yomweyo. Latsopano lenileni limaonetsa 3.2 kapena 3.3. Ndinagula la Panasonic lomatidwa palokha, lokhala ndi deti lothera ntchito kumbuyo kwa pepala lake, ndipo ndi limene lilimo mpaka pano. M'mawa wozizira wa Juni uno, pamene batire lofooka limaonekera msanga, rimoti ikutsegulabe ndili patali.

Nambala ya batire muziiwerenga pa lakale musanagule. Langa ndi CR2016. Manambalawo akunena kukula kwake: mamilimita 20 m'mimba mwake, ndi 1.6 kuchindikala. CR2025 ndi 2.5, CR2032 ndi 3.2. Onsewa ndi a mavoti 3 ndipo m'mimba mwake ndi ofanana, n'chifukwa chake wogulitsa amene CR2016 yamuthera amakuuzani kuti CR2032 ilowa, komanso kuti ikhalitsa. Kukhalitsako n'zoona, imasunga mphamvu yoposa kawiri, koma ndi yochindikala kawirinso. Mukaikakamiza mumapinda tizitsulo togwira batire, kabokosi sikatsekeka bwino, ndipo tsiku limene mudzabwezeremo batire loyenera lizidzagwedera. Makiyi ena a Toyota, makamaka a galimoto zolizira batani, amafuna CR1632, ndiye musatengere za mnzanu.

Kava yatsopano, mutu wapulasitiki wa kiyi uja, kulimba kwake kuli pakatikati. Ndinaigula kwa odula makiyi, ndipo popeza chitsulo chake chimabwera chosadula, anachidula potengera chakale. Chitsulocho chilibe vuto, chimalowa ndi kutembenuka bwino pa loko wa chitseko ndi polizira. Pulasitiki ndiye yosalimba ngati yoyamba ija. Zizindikiro za pamabatani zinafufutika mvula isanathe, ndipo pano kamng'alu kayambanso pamalo pomwe paja. Kuti ichedwe kutha, potembenuza kiyi ndimagwira pafupi ndi chitsulo osati kumapeto kwa mutu, ndipo makiyi a nyumba ndi a geti ndinawachotsa pa mpukutu wake kuti asamalemere. Posintha kava pali chinthu chimodzi choyenera kusamala kwambiri. Galimoto zina zili ndi immobiliser, chipangizo choletsa injini kuyaka ngati kiyi si wake, ndipo makiyi ake ena amakhala ndi ka chip kakuda kobisika pakona ya pulasitiki, kosiyana ndi kabokosi ka mabatani. Sikagwiritsa ntchito batire. Kakatsala mu kava yakale, zitseko zitseguka, sitata izungulira, koma injini siyaka. Musataye kava yakale musanalize galimoto ndi yatsopanoyo.

Mu Febuluwale, mvula ili mkati, rimoti inakana kukiya koma kutsegula inkatsegula. Kanyale kofiira ka pa kiyi kankayaka bwinobwino. Wamagetsi a galimoto wa ku Ndirande sanaugwire n'komwe kiyiyo. Anangoloza kanyale ka chitseko pa dashibodi, kamene kankayaka ngakhale zitseko zonse zinkaoneka zotseka. Chitseko cha kubuti sichinkagwira mpaka mkati, mwina chifukwa cha mabampu ndi maenje a njira ya kwathu. Toyota zambiri sizilola rimoti kukiya ngati galimoto ikuona kuti chitseko china chili chotsegula, kapena kiyi ali polizira. Anasuntha pang'ono chitsulo chimene loko wa buti amagwira, nathira girisi, basi. Anandiuzanso ndondomeko imene ndaiona kuti ndi yothandiza: ngati muli ndi marimoti awiri ndipo onse akana nthawi imodzi, musiyeni kiyi, yang'anani fyuzi, batire la galimoto ndi masiwichi a zitseko. Ikakana imodzi yokha, vuto lili m'manja mwanumo.

Ena amayesa rimoti ya galimoto poiloza pa kamera ya foni monga timachitira ndi ya TV. Sizithandiza. Ya TV imatumiza kuwala kumene kamera imaona, pamene ya galimoto imatumiza mafunde a wailesi. Ndipo mafundewa ndi amene anapweteketsa mlamu wanga. Atamva kuti makiyi ndi otsikirako mtengo ku Johannesburg, anaitanitsa rimoti yooneka ndendende ngati yake, mabatani omwewo, chizindikiro chomwecho. Itafika, palibe amene anakwanitsa kuilumikiza ndi galimoto. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zimagwiritsa ntchito frequency ya pakati pa 312 ndi 315 MHz, pamene za ku South Africa ndi ku Ulaya zili pa 433 MHz. Popeza galimoto zathu zambiri zimachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, rimoti ya kumwera siingalankhule nazo ngakhale katswiri atakhala ndi kompyuta yabwino bwanji. Musanagule, tsegulani yakale muone manambala olembedwa pa kabokosi kake, ndipo wogulitsa akuonetseni kuti akufanana.

Chinanso chimene ndaphunzira m'miyezi imeneyi n'chakuti magetsi akaphethira sizitanthauza kuti zitseko zonse zakiyika. Chitseko changa chakumbuyo kumanzere chayamba kuchedwa, kamota ka loko wake kakufooka, ndipo nthawi zina kamalephera. Ndikaimika galimoto ku Chichiri kapena mu Victoria Avenue ndimakoka chogwirira cha chitseko chimenecho ndisanachoke. Ili si vuto la rimoti, koma munthu angathe kuiimba mlandu mosavuta. Ndiponso galimoto ikadzikiya yokha patapita masekondi pafupifupi 30 mutatsegula ndi rimoti koma osatsegula chitseko, sikuti yawonongeka, anaipanga motero.

Za madzi, kiyiyu ananyowapo kamodzi ndi mvula ya mu Malichi ali m'thumba la malaya. Ndinachotsa batire nthawi yomweyo osadina batani lililonse, ndinapukuta kabodi ndi sipiriti, n'kukasiya kotsegula usiku wonse. M'mawa kanagwira ntchito, ndipo sipanamere dzimbiri.

Kava ndiisinthanso mwezi ukubwerawu kamng'alu kaja kasanakule, ndipo ulendo uno ndifunafuna ya pulasitiki yochindikala pamene chitsulo chalowera, ngakhale ikhale yokwererapo mtengo. Kabokosi ka mabatani kakhala komweko, batire lomwelo. Ndidzadulitsanso kiyi wina wachitsulo chokhachokha woti azikhala kunyumba. Pa galimoto ya immobiliser kiyi wotereyu amangotsegula chitseko, saliza injini, choncho funsani kaye wodula makiyi ayese wanuyo ngati ali ndi chip musanalipire.