LFS158: Poyambira Pabwino pa Kubernetes, Koma Bwerani ndi Pulogalamu Yanu

Maphunziro a Linux Foundation otchedwa Introduction to Kubernetes, omwe nambala yake ndi LFS158, ndi aulere ndipo munthu amawachita pa intaneti nthawi imene wapeza mpata. Kwa wolemba mapulogalamu amene akufuna kuchotsa pulogalamu yake pa seva imodzi n'kuisamutsira ku cluster (gulu la ma seva ogwira ntchito limodzi, lomwe pulogalamu ya Kubernetes imaliyendetsa), ndi oyenera ndithu.

Ubwino wake waukulu ndi ndondomeko. Amayamba ndi chifukwa chimene pulogalamu yaikulu imagawidwira m'tizigawo, kenako amafotokoza ntchito ya API server, etcd ndi kubelet (zigawo zoyendetsa cluster), ndiye n'kufika pa Pod (kagulu ka container imodzi kapena angapo; container ndi phukusi la pulogalamu pamodzi ndi zonse zomwe imafuna), Deployment, Service (adilesi yofikira ma Pod) ndi Ingress. Zoyeserera zimachitikira pa Minikube, cluster yaing'ono ya pa kompyuta yanu, yomwe imafuna ma CPU 2, memory ya 2GB ndi malo a 20GB pa disiki. Musangowerenga ayi, lembani nokha mafayilo a YAML, omwe amauza Kubernetes zoti ichite, chifukwa kampata kamodzi kolakwika kamakanitsa fayilo yonse.

Gawo la ma probe (mafunso omwe Kubernetes imafunsa pulogalamu kuti ione ngati ili bwino, monga readiness ndi liveness) ndi lofunika kulibwereza kawiri. Readiness ikalephera, Pod imangosiya kulandira mapempho a ogwiritsa ntchito; liveness ikalephera, container imaphedwa n'kuyambitsidwanso. Tiyerekeze pulogalamu yomwe imatenga masekondi 40 kuti idzuke, koma liveness yayamba kuifunsa msanga. Iphedwa isanakonzeke, mobwerezabwereza, mpaka muona CrashLoopBackOff, ndipo nthawi yodikira isanayambitsidwenso imakwera kuchoka pa masekondi 10, 20, 40 mpaka mphindi 5. Ambiri amayamba kusakasaka vuto m'khodi, chonsecho mankhwala ake ndi startupProbe basi, yomwe imaimitsa liveness mpaka pulogalamu itadzuka.

Pomwe maphunzirowa akuperewera ndi pa kusamutsa kwenikweniko. Amaphunzitsa cluster, koma zovuta zambiri zimabisala m'pulogalamu yakaleyo. Ngati imamvetsera pa 127.0.0.1 (adilesi yamkati mwa Pod mokha) m'malo mwa 0.0.0.0 (maadilesi onse), Pod ioneka Running koma Service siifikira. Ngati imasunga mafayilo a makasitomala mkati mwa container, onse amapita ikangoyambitsidwanso, pokhapokha mutaika PersistentVolumeClaim (pempho la malo osungira okhalitsa kunja kwa container). Ma log (zolemba za zomwe pulogalamu ikuchita) ayenera kutuluka pa stdout, njira yomwe pulogalamu imatulutsira mawu pa terminal, kuti lamulo la kubectl logs liwaone. Ndipo Pod ikamachotsedwa, Kubernetes imatumiza SIGTERM (chizindikiro chouza pulogalamu kuti itseke) n'kudikira masekondi 30. Pulogalamu yosamva chizindikirochi imadulidwa ntchito ili mkati. Mukaona OOMKilled ndi nambala 137, dziwani kuti yapyola malire a memory omwe munaipatsa.

Chenjezo limodzi lomwe sitingalisiye: Secret (malo osungiramo mapasiwedi ndi zina zachinsinsi mu Kubernetes) si loko. Zomwe zili m'menemo zangolembedwa mu base64 (kalembedwe kosintha maonekedwe chabe), ndipo aliyense wololedwa kuiwerenga amazimasulira ndi lamulo limodzi. Choncho RBAC, njira yoikira malire a amene angawerenge kapena kusintha zinthu mu cluster, muiphunzire mofatsa.

Amene sanalembepo Dockerfile (fayilo yofotokoza mmene pulogalamu imaikidwira mu container) ayambe kaye ndi zimenezo, apo ayi mitu yoyambirira imuvuta. Amene amadziwa kale atenge kapulogalamu kake kenikeni, kokhala ndi database, ndipo pakutha pa mutu uliwonse aziyesa zomwe waphunzirazo pa iko.