Kachipewa ka pa ŵ kananditsekera kunja kwa laputopu yanga

Abale kumudziko, amene mwakhala mukufunsa zithunzi za chinkhoswe cha Joni zija mundikhululukire. Sikunyada kwa kunja ayi. Laputopu inandikana masiku atatu athunthu, ndipo chondilakwira chinali chilembo chimodzi, chathu chomwe.

Kuno ku Cardiff ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku. Nyumba imene ndimakhala tilimo anthu asanu osadziwana bwino, ndiye nditagula laputopu ya kaunjika ndinaikamo Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, n'kusankha kuti disiki yonse ikhale yokiya. Njira yake amaitcha LUKS. Ukayatsa, china chilichonse chisanatseguke imakufunsa mawu achinsinsi, ndipo ukapanda kuwadziwa, ngakhale uchotse disiki n'kukaiika mu kompyuta ina umangoona zinyalala. Mmenemo ndimo muli mapepala a viza, a malipiro, satifiketi zanga, komanso mawu a agogo amene ndinawajambula asanatisiye.

Miyezi ingapo zonse zinali bwino. Vuto linabwera ndi nzeru zanga. Kuno ku Wales zikwangwani zimalembedwa m'zilankhulo ziwiri, ndipo tsiku lina ndinaona mawu akuti dŵr, amene m'chilankhulo chawo ndi madzi. W wovala chipewa uja, wa pa Malaŵi, ali nayenso! Mtima unangoti myaa. Usiku womwewo ndinasintha mawu achinsinsi, ndinaikamo "maŵa" ndi chizindikiro cha @, ndikudziuza kuti wakuba wa kuno zimenezi sangazilote n'komwe. Ndinalemba kawiri, inavomera, ndinazimitsa, ndinagona.

Kutacha ndinayatsa, ndinalemba, inakana. Ndinalembanso pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, ngati mwana wa Sitandade 1. Inakana. Mudziwe kuti pamalo amenewa zilembo sizioneka, pamangotuluka timadontho, ndiye sudziwa ngati chimene wadina ndi chimene chalowa. Kachitatu thukuta linatuluka, kunja kukuzizira chonchija.

Anandimasulira ndi mnyamata wina wa ku Zomba amene timapemphera limodzi, amaphunzira za makompyuta. Anayamba waseka kaye. Kenako anati: "Achimwene, kompyuta simva mawu. Batani likadinidwa limangotumiza nambala yake, ndipo pali kandandanda kamene kamanena kuti nambala iyi ndi chilembo chakuti." Kompyuta ikatseguka yonse, ŵ amatheka podina kachipewa kenako w, ziwirizo n'kuphatikizana. Koma pamene imafunsa mawu achinsinsi paja, Ubuntu weniweni amakhala adakali m'kati mwa disiki yokiyayo. Chimene chimakhala maso ndi kapulogalamu kakang'ono, ndipo kanga sikankadziwa kuphatikiza kumeneko. Mawu ndinkawadziwa bwinobwino, zala sizinkalakwitsa, koma pakhomopo panalibe njira yowalembera. Choipitsitsa n'chakuti ndinasintha m'malo mowonjezera, ndiye akale aja anali atafufutika.

Tinayatsa laputopuyo ndi fulashi ya Ubuntu kuti titsegule disiki tili m'kati mwa kompyuta yogalamuka. Apa ŵ anatheka, koma inatiyankha kuti "No key available with this passphrase". Miyendo inazizira. Tinakhala chete kwa kanthawi, mpaka mnyamatayo anati ndilembe mawuwo poyera, pamalo oti tiziwaona. Pamene ndinadina @ panatuluka ". Fulashi ija inadzuka ndi kiyibodi ya ku America. Pa kiyibodi ya ku Britain, @ ali kufupi ndi Enter ndipo Shift ndi 2 zimapereka ", pamene pa ya ku America n'zotembenuza. Shift ndi 3 kuno ndi £, kumeneko ndi #. Titasintha kukhala ya ku Britain, disiki inatseguka. Ndinaimirira n'kuzungulira m'chipindamo opanda chifukwa.

Mnyamata uja akuti ine zanga n'zochepa. Ku Germany Z ndi Y anasinthana malo, ku France A ali pamene ife timayembekezera Q, ndipo manambala amafuna Shift. Munthu angalembe mawu a zilembo wamba koma n'kukanidwabe ngati pakhomo paja pali kiyibodi ya ku America. Anandionetsanso china chimene mpaka pano chimandizunguza mutu: ŵ alipo wamitundu iwiri. Wina ndi chilembo chimodzi, chimene mu UTF-8, njira imene kompyuta imasungira zilembo, chimatenga timagawo 2 totchedwa mabayiti. Wina ndi w wamba ndi kachipewa kosanjikiza pamwamba, mabayiti 3. M'maso ndi amodzi, koma kwa loko ndi makiyi osiyana. Ndiye ngakhale kukopa ŵ pa intaneti n'kumumata sikuti n'kodalirika.

Kukonza kwake sikunatenge mphindi 10. LUKS imalola makiyi angapo pa disiki imodzi, 8 pa mtundu wakale ndi 32 pa LUKS2, ngati nyumba imene aliyense ali ndi kiyi wake. Ndi lamulo lakuti cryptsetup luksAddKey tinawonjezera mawu atsopano osakhudza a ŵ aja. Atsopanowa ndi Chichewa ndithu, mawu 7 osagwirizana, zilembo zazing'ono zokhazokha, opanda chipewa kapena chizindikiro chilichonse. Kutalika kwake ndiko kumateteza. Tinazimitsa n'kuyatsa kawiri kuti tione ngati akulowa pakhomo penipeni. Tinasunganso pa fulashi ina kope la mutu wa disiki, kachigawo kamene kamasunga makiyiwa, poti mutuwo ukawonongeka ngakhale mawu olondola sathandiza.

Inu a Windows musaseke. BitLocker, imene imakiya disiki pa Windows, nayo ili ndi kiyi wopulumukira wa manambala 48, ndipo ndikukayika ngati ambiri a inu mukudziwa kumene wanu ali.

Iwe mphwanga, laputopu imene ndinakulonjeza ndi yomweyi, idzabwera ndi munthu mu Disembala. Kiyibodi yake ndi ya ku Britain, uone pa 3 pali £. Ukafuna mawu ako achinsinsi uwonjezere, usafufute anga mpaka utazimitsa n'kuyatsa n'kuona kuti ako akutsegula. Zithunzi ndikutumiza usiku uno ndikaweruka.