Noughts & Crosses: buku la 2001 ndi sewero la BBC, tiyambe ndi chiti?

Ngati bukuli simunaliwerenge ndipo simufuna kuululiridwa mathero, imani pomwepa, chifukwa ziwirizi sizingayerekezeke popanda kunena amene anafa.

Mutu wa nkhani ndi umodzi konseko. Malorie Blackman, mlembi wa ku Britain, anatembenuza dziko chadodolido: anthu akuda, otchedwa ma Cross, ndiwo ali ndi boma, chuma ndi sukulu zabwino, pamene azungu, ma nought, ndiwo osesa ndi kulera ana a eni ake. Sephy Hadley ndi mwana wa mkulu wandale. Callum McGregor ndi mwana wa Meggie, wantchito wa m'nyumba ya a Hadley. Buku linatuluka mu 2001. BBC inayamba kuonetsa sewero lake mu Malichi 2020, zigawo 6, kenaka inaonjezera zina 4 mu 2022.

Ndiyambe ndi pamene sewero lapambana, kuti ndisaoneke ngati wa nkhwidzi. Pa zoona ndi maso, buku lagonja. Blackman sanataye nthawi kufotokoza nyumba, zovala kapena misewu ya dziko lakelo. A BBC anakajambulira ku Cape Town, n'kumanga London wina wa m'dziko lotchedwa Albion, lomwe ufumu wa Aprica unalanda zaka 700 zapitazo. Zikwangwani zamalonda zili ndi nkhope zakuda zokhazokha, mabwana avala nsalu zamawangamawanga, ndipo mawu a Chiyoruba amamveka pakamwa pa olamulira. Masali Baduza, amene ndi Sephy, ndi Bonnie Mbuli, amene ndi Jasmine, mayi ake a Sephy, onse ndi a ku South Africa. Paterson Joseph, pa udindo wa Kamal Hadley, bambo ake a Sephy, amakuzizira nkhongono osakweza n'komwe mawu. Woimba uja Stormzy amatulukiranso pang'ono ngati mkonzi wa nyuzipepala, koma ameneyu anangobwera kudzakopa achinyamata basi. Ngakhale kankhani ka pulasitala anakasunga bwino: mzungu akavulala, pulasitala yopezeka ndi yoderako, yopangidwira khungu la ma Cross. Ife amene tinakula tikumatidwa pulasitala yofiirira pabondo lakuda, pamenepo timangogwedeza mutu.

Chimene chinandifoola ndi msinkhu. M'buku timakumana ndi Sephy wa zaka 13 ndi Callum wa zaka 15. Ndi ana, ndipo amalakwa ngati ana. Callum ndi mmodzi wa ma nought anayi oyamba kuloledwa pa Heathcroft, sukulu ya ma Cross. Tsiku loyamba pachipata pabuka chipolowe, ndipo Sephy, pofuna kukalipira anthu a mtundu wake, akuwayerekeza ndi ma nought pogwiritsa ntchito dzina lachipongwe limene analimva kunyumba kuyambira ali khanda. Callum ali pomwepo, akumva. Mtsikanayo amamukondadi mnzakeyo, koma tsankho analiyamwira, ndipo linatuluka lokha. Mphamvu ya buku lonse yagona pamenepa.

Sewero linawakulitsa onse awiri kukhala mnyamata ndi mtsikana otha msinkhu. Heathcroft palibe. M'malo mwake Callum akulowa sukulu ya usilikali ya Mercy Point, ndipo Sephy anampatsa chibwenzi, msilikali dzina lake Lekan, kuti pakhale kulimbirana mkazi. Zotere timaziona kale m'masewero ambirimbiri. Sephy wa pa kanema ndi wanzeru, wachifundo, wophunzira msanga. Uja wa m'buku, wodzikonda, wofuna kuyamikiridwa chifukwa chakuti wakhala patebulo limodzi ndi ma nought pa nthawi ya nkhomaliro, yemwe pambuyo pake akuyamba kumwa mowa wa mayi ake mobisa, ndiye amene ndinkamufuna.

Sukulu itachotsedwa, linapita nayo phunziro la mbiri yakale la m'buku. Mphunzitsi akutchula Matthew Henson ngati munthu amene anafika ku North Pole, Callum n'kufunsa za mzungu Robert Peary amene mabuku awo anamusiya. M'dziko lathu lenileni zinali mosemphana: Henson, munthu wakuda, ndiye anaiwalika kwa zaka zambiri. Mwana wa sekondale akawerenga ndime imeneyi amayamba kufunsa kuti mabuku ake analemba ndani.

Nanga Lynette? Mlongo wake wa Callum, amene anasokonezeka mutu atamenyedwa chifukwa chokondana ndi Cross, mpaka kumakhulupirira kuti nayenso ndi Cross, m'seweromo mulibe. Imfa yake ndiyo imagwetsa banja la a McGregor m'buku, n'kukankhira a Ryan, bambo ake a Callum, ndi mchimwene wake Jude m'gulu la ma nought oukira boma la Liberation Militia. Popanda iye, mkwiyo wa pabanjapo umaoneka ngati wandale chabe, osati wa maliro.

Kafotokozedwe nako n'kosiyana. M'buku mitu imasinthana, wina Sephy, wina Callum, aliyense akulankhula yekha, ndipo iwe owerenga umaona pamene akulephera kumvana iwo eni asanadziwe. Kamera singalowe m'mutu mwa munthu motero.

Tsono mathero. Blackman sanamvere chisoni owerenga ake. Sephy ali ndi pakati, Kamal akuti mimba ichotsedwe kuti Callum apulumuke, awiriwo akukana, ndipo Callum akunyongedwa. Buku likutseka ndi chidziwitso cha kubadwa kwa mwana wawo Callie Rose. Zigawo 6 zoyamba za BBC zikutha awiriwo atathawa limodzi, ali moyo. Ndinazimitsa TV ndili ngati munthu amene wapita kumaliro n'kupeza kuti ndi chinkhoswe.

Kwa amene mukusankha: chigawo chilichonse ndi pafupifupi ola limodzi, choncho ganizirani za bandulo, komanso BBC iPlayer, yoonerapo pa intaneti, imagwira kwa okhawo ali ku Britain. Buku ndi lalikulu ndithu, koma mitu yake ndi yaifupi ndipo Chingerezi chake mwana wa Fomu 2 angathe. Ine ndikuti yambani ndi buku. Mukaonera kaye sewero, mudzalowa pa Heathcroft muli ndi nkhope za akuluakulu m'mutu, ndipo Sephy wa zaka 13 simudzamuonanso.